Mankhwala a Kuseri kwa Nyumba

Wokondedwa mwana wanga Fanny,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu anga ku Joniko. Kodi chifuwa chija chinamusiya Talandira? Ine kuno ku Nsaru ndilipo, kungoti mawondo ayamba kundikana, ndipo nyumba yandikulira. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mawu amanditsamwa.

Chimwalirireni amayi ako, ondiyendera ndi odwala okha. Amabwera kudzafuna mankhwala aja malemuwo ankadzala kuseri kwa nyumba, koma ine mankhwalawo sindiwadziwa. Ukudziwa kuti ntchito yanga inali kutunga madzi ndi kumanga mpanda kuti mbuzi zisalowe. Amayi ako ankandiseka kuti ndine mlonda wa sitolo wosadziwa katundu ali m'katimo.

Tsopano odwala omwewo ndiwo akundiphunzitsa. A Yunisi oyandikana nafe anandionetsa chanzi cha chimfine, chimene amayi ako anachita kukazula kudambo. Bambo wina anadzasenda khungwa la muwawani la m'mimba, nandiuza kuti sasenda mozunguliza, mtengo ungafe, ndipo pabalapo anamatapo dothi. Ndimawafunsa ngakhale zimene anandiuza kale, cholinga achedweko. Akachoka, pakhomo pamangoti zii. Ndikusowa wocheza naye, Fanny, sindikubisira.

Nkhani ndi iyi. Akwanu anakhala pansi, ndipo agwirizana zondisudzula tikakolola. Sindikudandaula, mwambo ndi mwambo: mkazi akatsogola, mkamwini amapinda mphasa n'kubwerera kwawo. Ndidzapita ku Nambuma, kumene ondidziwa ambiri ali kumanda. Amati mlendo ndi mame, koma mame anga achedwa kukamuka mpaka ndamera imvi m'mudzi mwa eni.

Chandisowetsa mtendere ndi amalume ako a Bizwell. Akufuna kugwetsa zonse kuseriko kuti amangepo chigafa cha fodya. Anabwera ndi chingwe kudzayeza ine ndili pakati pothirira. Nditawakumbutsa kuti anthu amachira ndi zomera zimenezi, anati chipatala chilipo ku Kabudula, ndipo tchire siliveka munthu malaya. Kenako anati, "Alamu, malo ano ndi a mbumba yathu. Woletsa akhale Fanny, osati inu."

Zinandipweteka, koma sananame. Mawu anga pano salemera, ako ndiwo angaimitse nkhwangwa. Bwera, mwana wanga, tisanamalize kukolola, udzaime pamalo a amayi ako. Ulendo ukakanika, uwaimbire amalume akowo, uwauze ndi pakamwa pako kuti kuseriko asakhudzeko. Za wothirira usade nkhawa, a Yunisi alonjeza kuti azisamalira ine ndikapita.

Pali pempho linanso laling'ono, ndipo ndikuchita nalo manyazi. Pakona pa mpanda pali mtengo wa chammwamba umene amayi ako ankakhala patsinde pake akamasinja mizu. Amati nthambi yake ukaizika m'nthaka imaphuka. Ndinapempha amalume ako kuti ndidule imodzi ndikadzale ku Nambuma, pakhomo pamene ndikakhale pakakhaleko chimene manja a amayi ako anagwira. Iwo anati wosudzulidwa amanyamula zovala ndi khasu lake basi, zomera m'nthaka ndipemphe kwa mwini wake.

Dzulo chikwanje ndinachigwira, ndinakafika mpaka patsinde, koma ndinabwerera. M'mudzi muno ndinalowa masana, ankhoswe akuona, ndipo sindifuna kutulukamo ngati wakuba.

Ndiye ine bambo ako ndagwada kwa iwe, mwini malo: kodi ungandilole nthambi imodzi?

Undiperekere moni kwa amuna ako a Moses ndi kwa ana onse. Mulungu akusungeni m'dziko la eni. Mtengowo sindiukhudza mpaka nditamva mawu ako.

Ndine bambo ako,
Hopeson Chikoti