Mzere wa Pakati pa Inu ndi Sefu

Eriya 18,
Lilongwe.
14 Ogasiti, 1975.

Okondedwa achimwene Felton,

Kalata yanu yachitatu ndalandira Lolemba, ndipo manyazi andigwira chifukwa ziwiri zoyamba zija sindinayankhe. Ine ndili bwino, kaya inu ndi mayi anu kumeneko ku Zomba?

Mwafunsa za Lilongwe. Achimwene, kuno ndi fumbi lokhalokha. Misewu ndi yotakata zedi, koma ina imangothera m'tchire, ndipo mitengo imene abzala m'mbali mwake ikundilekeza m'chiuno. Ukafuna ngakhale singano, kuchoka ku Capital Hill mpaka ukwere basi ya ku Old Town. M'mawa ndikatuluka maso amafunafuna phiri, koma aa, thambo basi. Ndimakumbuka mmene tinkatsikira masana kukakhala pa mwala uja wa ku mtsinje wa Mulunguzi, inu mukusenda nzimbe, ine ndikudandaula za mafaelo ngati kuti anandilakwira. Masiku amenewo ndimawalakalaka kwabasi.

Alamu anga a Sophie, bwenzi lanu lija, ali bwino, akutayipa mu ofesi ya pamwamba. Koma ndisakubisireni, amalume awo ayamba kung'ung'udza. Akuti ukwati wasunthidwa kawiri, ndipo mwamuna amene boma lamusiya m'mbuyo pamene anzake onse asamuka ndi wokayikitsa. Akuti Disembala akadutsa muli ku Zomba konko, iwo za ukwatiwu achotsamo manja.

Tsono m'makalata onse atatu mukufunsa chinthu chimodzi: ndani anachotsa dzina lanu pa mndandanda wa osamuka oyamba? Mukukayikira bwana wathu a Chikaonda. Asiyeni, alibe mlandu. Ndine.

Mu Januwale muja anandiitana mu ofesi mwawo. Anati ku Eriya 18 kwapezeka nyumba imodzi ya makalaliki osakwatira, ndipo akufuna kutumizako anthu ambiri momwe kungathekere, koma okhawo oti angapite limodzi. Anandionetsa njira ya masamu imene anaphunzira ku koleji. Munthu aliyense amakhala kadontho pa pepala. Anthu awiri oti sangapite limodzi, umajambula mzere pakati pawo. Gulu labwino ndi limene mulibe mzere pakati pa anthu ake. Gulu lotere ukachotsamo munthu limakhalabe labwino, koma ukawonjezamo mmodzi likhoza kuwonongeka. Ntchito yanga inali yopeza gulu labwino lalikulu koposa. Anandichenjeza kuti ndisayambe ndi kutola katswiri ngati posankha matimati pa mulu, chifukwa munthu mmodzi wabwino akhoza kutsekereza anzake awiri.

Mzere woyamba anajambula okha, pakati pa inu ndi ine. Panalibe udani, kungoti tonse ndife a m'chipinda cha mafaelo, ndipo mmodzi anayenera kutsala ku Zomba mpaka faelo yomaliza itakwera lole. Mizere inayo anandisiyira ine, poti ndimawadziwa anthu.

Ndiye ndinajambula mzere pakati pa inu ndi Sefu wa ku sitolo ya ofesi uja. Nanga si tsiku lililonse munkatukwanana? Iye ankakutchulani mfiti yodya yokha, inu munkati mutu wake ndi dzungu losakhwima, ndipo tsiku lina munamubisira njinga kuseri kwa chimbudzi mpaka anayenda pansi. Ndinawauza a Chikaonda kuti awiriwa m'nyumba imodzi adzaphana. Titawerenga, zinaoneka poyera: tikatenga inu, titsala awiri, ine ndi Sefu. Tikakusiyani, mutsala nokha. Pakanapanda mzere wa Sefuwo, kusankha kukanangokhala pakati pa inu ndi ine, ndipo inu munayamba ntchito zaka zitatu ine ndisanabwere. Mukanakwera lole ndinu.

Loweruka lapitali ndinatsagana ndi Sefu ku msika waukulu wa ku Old Town kukagula loko wa pakhomo. Tili mkati mopenda maloko, anangoti:

"Koma msuweni wanga uja munamusiyiranji? Kuno ndilibe womutukwana, pakamwa pangotsala pang'ono kuchita dzimbiri."

Ndinamufunsa kuti msuweni wake uti. Anaseka mpaka wogulitsa uja anasekanso osadziwa nkhani. Anandifotokozera kuti mayi anu ndi bambo ake ndi a bere limodzi, kungoti mayi anuwo anasiya Chisilamu n'kulowa Chikhristu pokwatiwa. Zonse zija, mfiti, dzungu, njinga, chinali chisuweni! Ine mwana wa kumudzi, amene ndakula ndikunyozana ndi asuweni anga mpaka akulu kumaombera m'manja, ndinalephera kuchizindikira chifukwa wina amapita ku mzikiti, wina ku tchalitchi. Lokoyo sitinagule, ndinati mutu wandipweteka.

Ndikanakonda kulekezera pomwepa, kuti muziti Edwell analakwitsa chabe. N'zoona sindinkadziwa. Koma matebulo athu, lanu ndi langa, anali otalikirana mapazi awiri, ndipo kufunsa sikukanandithyola khosi. Ndinkakuonani inu ndi Sefu mukamaliza kutukwanana mukugawana mtedza m'thumba limodzi. Ndinaona, achimwene, koma sindinafunse, chifukwa ndinkaopa kuti yankho lake lindisiya ku Zomba. Lilongwe ndinkamufuna ndi mtima wonse. Ichi n'chimene chandimanga dzanja miyezi yonseyi ndikafuna kukulemberani.

Lachiwiri ndinakwera kwa a Chikaonda ndi pepala lija, ndipo ndinafufuta mzerewo iwo akuona. Kenaka anati masamu awo sanalakwe, wolakwa ndi amene anawapatsa mzere wabodza, ndipo anandifunsa ngati ndikudziwa chimene chitsatire. Ndinati ndikudziwa. Mzere wa inu ndi ine ukadalipo, mafaelo a ku Zomba akufunabe munthu. Asayina kuti tisinthane, ndipo kalata ya boma ikupezani sabata yamawa.

Choncho konzekani. Lole ya ofesi ifika kumeneko Lachisanu pa 22, ndipo ibwerera tsiku lomwelo. Bweretsani bulangete lokhuthala, mphepo ya kuno siyamasewera. Chipinda chanu ndi chachiwiri kumanzere, choyang'anana ndi cha Sefu. Zenera lake limavuta, mumayamba mwalikankhira m'mwamba. A Sophie sindinawauze kanthu, ndafuna kuti nkhani yabwinoyi aimve kwa inu. Yoipayo mudzawauze kapena ayi, zili kwa inu.

Moni kwa mayi anu. Kwa anzathu a mu ofesi musavutike, ndidzapereka ndekha. Pa tsikulo ndikadzatsika loleyo ndidzaima pa geti ndi sutukesi yanga. Mukadzafuna kundidutsa osandipatsa dzanja, mudzandidutse, sindidzadandaula. Koma loleyo kwerani ndithu.

Ndine mng'ono wanu,
Edwell.