Chala Changa ndi Kandodo ka Mayi Lindqvist

Lolemba, 10 Malichi

Ine kunjenjemera? Odell, mwana wa malume Purvis, akuti ndikaima kutsogolo kwa mavayolini a okesitira Loweruka mawu adzandithawa. Ine amene ndaimba m'mabala a mu Dayton muno mabotolo akuuluka! Sukulu yokha ndi imene ndinathawa ine.

Malume, eni gulu lathu la oimba anayi, andipatsa jekete yofiira: nyimbo yotsekera nditsogolera ine. Akuti, "Cornell, ukangoyamba zako zija, jeketeyo ndi ya Odell." Odell? Mapewa ngati hang'ala.

Lachitatu, 12 Malichi

Kuyeserera ndi okesitira. Anthu sikisite, aliyense mphuno papepala, nyimbo zoti agogo anga amaimba akutsuka mbale! Wowatsogolera ndi Mayi Lindqvist, kandodo m'manja ngati akuthamangitsa ntchentche.

Ku bala, anthu akatenthedwa ndimangozunguza chala m'mwamba, wang'oma amadziwa kuti kolasi tibwerezanso. Lero ndazunguza. Palibe wanditsata.

Mayiwo: "Bambo Cornell, awa sawerenga chala. Pepala likatha, nawonso atha."

Ine: "Ndiye tiwagulire pepala lina, mayi."

Wamalipenga mmodzi waseka. Malume ayi.

Lachinayi, 13 Malichi

Sindikukhazikika. Ndasita jekete kawiri. Odell akung'ung'udza nyimbo yanga m'galimoto, dala.

Lachisanu, 14 Malichi

Malume akuti ndiziika dzanja m'thumba. Woimba wanji dzanja m'thumba? Mayiwo akadzaona holo yonse itaimirira, kandodo kadzazungulira kokha. Nawonso ndi munthu.

Loweruka, 15 Malichi

Holo yodzaza. Nyimbo yotsekera, azimayi a imvi aimirira, akuvina ndi zikwama zawo, akuimba nane. Chala chakwera. Sindinachitume, kapena ndinachituma, kaya.

Ndalowanso kolasi ndi mphamvu zonse. Kumbuyo kwanga okesitira yagunda kamodzi, phii, zii. Ndatsala ndekha kukamwa yasa, anthu ena ayamba kale kuwomba m'manja.

Kenako mawu a besi a malume alowa pansi panga. Odell pamwamba. Tamaliza ndi pakamwa pokha, holo ikuyesa tinapangana. Mayi Lindqvist kandodo pansi, maso pa ine, osaphethira.

Kuseri Odell akuti, "Aise, ndakutola ngati chikwama chotayika." Chikwama? Ine!

Lamulungu, 16 Malichi

Malume sanakalipe. Angoti, "Lachiwiri uima kumanzere kwanga, pamalo pa Odell."

Mawu sanandithawe, Odell ananama pamenepo. Koma ndimayesa anthu sikisite angasiye pepala chifukwa cha chala changa. Pamenepo pokha ndinaphonya.

Odell wabwera kudzatenga jekete masana ano. Ikumukwana, galu ameneyu. Ali pakhomo ndamuitana kuti andiphunzitse mawu a kumbuyo aja. Akuti, "Choyamba, dzanja m'thumba."

Ndaika.