Chitenje cha Petronela

Ndirande, Blantyre
9 Okutobala 1983

Okondedwa alamu anga a Everson,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Kitwe, pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi ana. Kodi chifuwa chija cha kumgodi chinakusiyani? Kuno tikudzuka. Ine ndikugwirabe ntchito ku fakitale ya sopo ku Makata, ndipo Phoebe, mwana wa mchemwali wanu, wakwanitsa zaka zisanu mwezi wathawu.

Kalata yanu yopepesa maliro a mkazi wanga Petronela ndinailandira mu Epulo. Ndinamva kuti abwana anakukanizani tchuthi, ndipo sindikudandaula. Koma pabwera nkhani yoti ine ndekha sindingaimalize.

Chaka chatha ku tchalitchi kwathu kunabwera azungu odzipereka, osalandira malipiro. Amaphikira phala ana amasiye, ndipo Loweruka amapita ku Limbe kukagawa mabulangete kwa anthu ogona m'makonde a masitolo. Mmodzi wa iwo ndi mayi Joan, namwino wa ku Ireland.

Atangofika, a Joan anapita kumsika atavala buluku, osadziwa kuti lamulo limaletsa akazi kutero. Anyamata a chipani anawaimitsa pachipata. Petronela anali pomwepo akugulitsa tomato. Anamasula chitenje chake chapamwamba, chobiriwira chija cha mbalame, n'kuwamanga m'chiuno, uku akuwaseka kuti munthu wamkulu chonchi osadziwa kuvala. Ubwenzi wawo unayambira pamenepo, ndipo chitenjecho Petronela anakana kuchilandiranso.

Petronela atadwala, a Joan ndi amene ankamusambitsa ndi kumutembenuza ine ndili kuntchito. Pa 17 Malichi anatsirizikira m'manja mwawo. Bokosi anagula ndi iwo. Galimoto yopita ndi maliro kwanu ku Phalombe anapeza ndi iwo. Kuyambira pamenepo Phoebe amaswera kwa iwo, ine ndimakamutenga ndikaweruka.

Tsopano nthawi yawo yatha. Ndege yawo inyamuka pa 2 Disembala, ndipo akufuna kupita ndi Phoebe.

Anabwera kunyumba Lamulungu lapitalo ndi a Lucius, akatekisiti athu, kuti aziwamasulira. Anakhala pamphasa, mpando anaukana. Anati mwanayo adzamulera ngati wawo, adzamuphunzitsa mpaka atakhala namwino, ndipo zithunzi azidzanditumizira.

Ine ndinayankha monga ayankhira mkamwini aliyense. Ndinati ine ndinangobereka, mwini mbumba ali ku Kitwe. Munthu wa kuno akanamva kuti nkhani yaima. Koma a Joan analira, n'kundigwira manja onse awiri, kundithokoza. A Lucius anandiuza pambuyo pake kuti kwawo kwa a Joan mwana ndi wa bambo, ndipo bambo akapanda kukana ndiye kuti walola. Inu akukuyesani munthu wongofunika kudziwitsidwa mwaulemu. Apita kale ndi mwana kukajambulitsa chithunzi cha pasipoti, ndipo amugulira nsapato zotseka, akuti kumeneko kumazizira.

Lachitatu ndinaweruka nditakonza mawu okana. Ndinawaloweza njira yonse kuchokera ku Makata. Nditafika ndinapeza Phoebe ali mtulo kumbuyo kwa a Joan, atamubereka ndi chitenje chobiriwira chija, mphuno ataikwirira m'nsalumo. Mwana wamkulu ndithu, miyendo ikulendewera. Ndinangopereka moni n'kufunsa ngati wadya.

Pobwerera ndinamufunsa ngati akufuna kukwera ndege. Anati eya, iye apita kumene kukupita chitenje cha amayi. Kenaka anandifunsa ngati kumeneko ndizikamutenga ndikaweruka, ndipo anandichenjeza kuti ndisamachedwe ngati Lolemba lija.

Alamu, bokosi lija linanditseka pakamwa. Munthu amene anasambitsa mkazi wako sungamuyang'ane kumaso n'kumuuza kuti ayi. Inu mungathe. Mwambo unakupatsani mawu amenewo, ndipo simunadye kanthu ka iwo.

Koma ndisakunamizeni. Mwana wanenepa, zipere zija zinatha, ndipo akuimba nyimbo zachizungu. Kwa ine kuli chipinda chimodzi chodontha, ndipo masana kulibe womuyang'anira. A Lucius akuti ndine wopusa, ana ena a ku phala angakwere ndegeyo ngakhale pamapiko. Mwina akunena zoona. Petronela sanasiye mawu pa nkhani imeneyi. Ndayesa kuganiza zimene akananena, koma ndikungomva kuseka kwake kwa kumsika kuja.

Ndawapempha a Lucius awafotokozere bwino a Joan kuti popanda mawu anu mwana sangachoke. Kalata yochokera kwanu imatenga masabata awiri, choncho musaigoneke.

Mukakana, munene kuti ndi mawu anu, a mwini mbumba. Ine musanditchule, chifukwa a Joan sanandilakwire kanthu. Mukalola, sindidzakutsutsani, ndipo chitenje chipite naye. Koma mundilembere ine poyamba, iwo asanamve, kuti ndilirire kunyumba. Ku Chileka ndikufuna mwana akaone bambo ake akuseka.

Mulungu akusungeni pansi pa mgodipo ndipo akupatseni nzeru. Mundiperekere moni kwa mayi a kunyumba, kwa Stewart ndi ang'ono ake onse. Phoebe akuti malume amugulire sikono.

Ndine mlamu wanu,
Ambrosi