Ngowe Yotsala M'thumba

Tangmarg
14 Januwale

Okondedwa achemwali a Zoona,

Ndikhulupirira kuti mawondo akuleka kuwawa ndi kufunda kwa ku Jammuko. Kuno chipale chafika m'chiuno. Akundilembera ndi a Rafiq oyandikana nafe, ndipo ndawapempha kuti alembe mawu anga monga akutulukira, asawakometsere.

Mukudziwa kuti nthawi ya chipale galimoto sikwera kuphiri ku Gulmarg popanda matcheni kumatayala, ndipo ndawamanga matcheniwo zaka makumi anayi pamphambano pano. Mukudziwanso lamulo lathu. Ukamenya pagalimoto kamodzi, ndiye kuti dikira. Ukamenya kawiri, tcheni yagwira, pita. Woyendetsa satuluka kukayang'ana, amakhulupirira dzanja.

Dzana m'mawa mwana wanu Irshad anabwera ndi alendo anayi, matabwa awo otsetserekera pachipale atamangidwa padenga. Anali pachangu, pakuti kumwamba kunayamba kuda.

Anatulutsa mutu pawindo nati, "Amalume, kodi mukumanga tcheni kapena mukusenda anyezi? Alendowa andidya!"

Ndinati, "Khala chete, kamwa ngati hutala."

Anaseka. Kasekedwe kake kaja, ka malemu bambo ake.

Achemwali, pali chinthu ndakhala ndikubisa. Dzanja langa lamanja linayamba kunjenjemera chaka chatha. Ndimalisunga m'chovala pafupi ndi kambaula ka makala kamene timayenda nako m'chovalamo, anthu n'kumati mkuluyu akuothera. Ndinkaopa kuti akadziwa andichotsa pamphambano.

Tayala lakumanzere ndinamaliza. Lakumanja ngowe ya tcheni inakana, ndiye ndinaichotsa kuti ndikaiwongole ndi nyundo. Ndinamenya pagalimoto kuti adikire. Ndinafuna kamodzi, Mulungu ndi mboni. Koma dzanja linadzigwera kawiri.

Galimoto inanyamuka. Ndinakuwa, ndinathamanga pang'ono, ndinagwa. Iye anangoliza hutala monga amachitira ponditsanzika.

Masana msewu unatsekedwa, mafoni nawo anafa. A Bashir, oyendetsa galimoto amene anatsika omaliza, ndinawafunsa ngati anamuona pamwamba.

Anati, "Pamalo oimikapo sindinamuone, madala. Koma kunali chifunga, ngakhale mphuno yangayi sindinkaiona." Atatero anayang'ana kumbali, ndipo tiyi amene ndinawapatsa sanamalize.

Mwina anafika. Mwina ali m'hotela akudya mpunga wa alendo, akundinena. Irshad amaudziwa msewu. Koma inenso ndimazidziwa ngodya zija za m'nkhalango, makamaka ija yopendekera kuphompho, ndipo ndikudziwa mbali imene galimoto imakokera tcheni imodzi ikamasuka.

Akuti makina okankha chipale akwera mawa, ndipo ndapempha malo kuti ndikwere nawo. Mkazi wa Irshad sindinamuuze za dzanja. Akuphikabe chakudya cha anthu atatu, kuwerengera ndi Irshad.

Mupereke moni kwa onse kumeneko ndi adzukulu. Shuga amene munalonjeza musatumize, koma bwerani nokha, ndipo munyamule zovala zokwanira masiku angapo. Ngowe ija ndaiwongola. Ili m'thumba mwanga, tsopano ikukola bwinobwino.

Ine mlongo wanu,
Sonaullah