Ana Anga Akumvetsera Mabotolo M'malo Moimba

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Dowa. Ndinabwera ku Mzuzu chaka chatha potsatira amuna anga, amene Boma linawasamutsira kuno pa ntchito yawo ya ukalaliki. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya mishoni cha ku Lupaso, ngakhale kuti ku kosi ya uphunzitsi sindinapitebe.

Phunziro la nyimbo linkandisowetsa mtendere. Ndikaloza do, re, mi pa tchati, ana ankangokuwa, aliyense kufuna kuposa mnzake. Ndikaimba mzere kuti abwereze, unkabwerera kwa ine utasanduka nyimbo ina. Ndinkaganiza kuti vuto ndi chilankhulo, poti ambiri ndi Atumbuka, ena Atonga, ndipo ine Chitumbuka ndikungochiphunzira kumene.

Tsiku lina mvula ya kunoyi, imene ikayamba siidziwa kuleka, inatipeza tili pakati pa nyimbo. Denga lathu ndi la malata, ndiye ngakhale mawu anga omwe sindinkawamva. Posowa chochita, ndinawauza ndi manja kuti atsinzine, angomvetsera. Mvula itachepa ndinawafunsa zimene anamva, ndikuyembekeza kuti onse anena kuti mvula basi. Koma wina anati ya pa malata imalira mosiyana ndi ya pa masamba a nthochi. Wina anamva chitseko cha kalasi ina chikumenyetseka. Kenaka Hilda, mtsikana wa ku Nkhata Bay amene sayankhayankha m'kalasi, analoza chitini chimene timatchera pamene denga limadontha, nati, "Aphunzitsi, chitini chikuimba. Chinayambira pansi, tsopano chakwera chomene." Ndinamuuza kuti akhuthule madziwo, tonse tinatchera khutu, ndipo zinalidi choncho.

Kuyambira pamenepo ndinatolera mabotolo, n'kuthiramo madzi, ena ambiri ena pang'ono. Ana amayang'ana kukhoma, ine ndimagogoda ndi supuni, iwo n'kumanena limene lalira mokwera. Amatsutsana mpaka belu kulira. Ndipo ndaona kuti poimba sakukuwanso ngati kale.

Koma pali chimene chandizunguza mutu. Tikagogoda, botolo la madzi ambiri limalira motsika. Mnyamata wina, Boniface, anauzira mpweya pakamwa pa botolo lomwelo, ndipo linalira mokwera kuposa onse. Anandifunsa chifukwa chake pamaso pa anzake. Amuna anga nditawafunsa anangoseka, nati iwo amadziwa za kutaipa makalata basi.

Sabata yatha ahedi athu, a Zebedee Mhango, anadutsa pawindo n'kupeza kalasi yonse itatsinzina. Anandiitanira ku ofesi nati, "Mama, makolo amatumiza ana kudzaphunzira, osati kudzawodzera. Woyendera sukulu akabwera adzafuna kumva nyimbo, osati mabotolo." Sanakalipe, ndi munthu wabwino, ndipo ine ndinangothokoza kuti yewo n'kutuluka. Koma woyenderayo akubwera temu yomwe ino, ndipo zimene adzalembe ndizo zidzanditsegulire kapena kunditsekera njira ya ku kosi.

Aphungu, kodi kumvetsera ndi phunziro, kapena ndikungosewera ndi ana a eni? Nanga botolo lija, bwanji lili ndi mawu awiri?

L. P., Mzuzu

Mayi L. P.,

Mabotolowo musawataye. Mwana saimba chimene sanachimve, ndipo ana anu ankakuwa chifukwa palibe amene ankamva mnzake. Mwapeza nokha chinthu chimene aphunzitsi ena a kosi amakalamba asanachipeze.

Tiyambe ndi funso la Boniface. Mukagogoda, chimene chimalira ndi botolo lenilenilo, ndipo madzi amalilemeretsa, ndiye limalira motsika. Mukauzira, chimene chimalira ndi mpweya uli m'kati. Madzi akachuluka mpweyawo umachepa, ndipo kampweya kochepa kamalira mokwera, monga kachitoliro kakafupi. Chitini cha Hilda chinkakwera pa chifukwa chomwecho. Koma musawauze msanga. Afunseni kuti chikulira n'chiyani, muwasiye avutike nalo pang'ono. Ndipo kunena kuti "sindikudziwa, tiyeni tifufuze" sikuchotsa ulemu wa mphunzitsi.

Tsono ahedi anu sanalakwe kwenikweni. Iwo anaona maso otsinzina, sanaone phindu lake, ndipo kuwaonetsa ndi ntchito yanu. Kumvetsera kuzikhala koyambirira kwa phunziro, kwa kanthawi kochepa, kenaka ana aziimba. Thirani madzi m'mabotolo mpaka agwirizane ndi do, re, mi, ndipo pogogoda muziloza pa tchati, kuti khutu ndi maso ziziyendera limodzi. Woyendera sukulu akadzaloza tchaticho, ana anu adzaimba zimene akuzidziwa, osati zoloweza.

Musathere pa mabotolo. Ombani m'manja kagawo kakafupi, iwo abwereze, kenaka mwana mmodzi atsogolere anzake. Muziimba, iwo azikweza dzanja mawu akakwera, azitsitsa akatsika. Nthawi zina imbani nyimbo imene amaidziwa bwino, muphonye dala pamalo pena, muone amene akugwireni. Ana amakonda kugwira mphunzitsi akulakwa, ndipo pofuna kukugwirani adzamvetsera kuposa masiku onse. Apempheninso nyimbo za kwawo, za pamtondo kapena za malipenga. Theka la kalasi liimbe, theka limvetsere, kenaka lomvetseralo linene amene anatsogolera ndi pamene ena analowera. Inunso Chitumbuka chanu chidzakulirapo. Ngati pali kholo limene lili ndi galamafoni, mukaibwereke tsiku limodzi, ana atchule zoimbira zimene akuzimva.

Kenaka pitani kwa a Mhango mwaulemu, muwapemphe adzakhale m'kalasi mwanu woyenderayo asanabwere. Apatseni supuni agogode okha, ana ayankhe, pomaliza aimbe nyimbo ya m'buku. Akadzati tsiku la woyendera mabotolo akhale m'kabati, musatsutse. Zimene zalowa kale m'makutu mwa ana sizilowa m'kabati.

Chenjezo langa ndi ili. M'kalasi iliyonse mumakhala mwana amene amaphonya nthawi zonse, anzake n'kumamuseka. Musafulumire kumutcha wopusa kapena wamwano, ndipo ndodo isamukhudze. Muyang'aneni bwino: kodi amapendeketsa mutu pomvera? Kodi amayang'ana pakamwa panu mukamalankhula? Kodi khutu lake limatuluka mafinya? Mukaona zotere, mukhazikeni kutsogolo, ndipo mupite nokha kwa makolo ake mukawauze kuti apite naye ku chipatala. Mwina inu ndinu munthu woyamba kuzindikira kuti mwanayo sakumva.

Aphungu