Bambo pa Khomo Lakumaso

Lachisanu. Miyendo yatupa, msana ukuwawa.

Chiyambire m'mawa ndakhala ndikukoka mipando. Pahotela yathu ino, yomwe kale inali nyumba ya mzungu wa esiteti, panali msonkhano wa alimi. Mwa oitanidwa ochokera ku Nazombe munalinso bambo anga, atavala jekete lawo lakutchalitchi.

Ndinawapeza akuzungulira kuseri, kukhitchini.

"Bambo, alendo amalowera kumaso," ndinawauza.

"Zaka zonse zomwe ndinkaphika muno, khomo langa linali lomweli," anatero.

Ndinawagwira dzanja mpaka pakhonde. Anapukuta nsapato kwa nthawi ndithu, kenako analowa. Nditawathirira tiyi, analawa n'kundinong'oneza kuti masamba achepa.

Mawa kuli ukwati, koma nsalu za patebulo sindinasitebe.