A Shadrick Apenga ndi Kiriketi

Okondedwa achimwene a Bizwick,

Kaya inu kumeneko, ife kuno ku South Bend, ku America, tili bwino, kungoti alamu anu a Shadrick apenga ndi masewera a kiriketi.

Mukumukumbuka Vikram, mnyamata wa ku India amene amagwira ntchito kuchipatala ndi mwana wathu wamkazi Chiyamiko? Kale a Shadrick ngakhale moni wake sankayankha. Pano Loweruka lililonse akumadraiva mpaka ku Indianapolis kukatsutsana naye kunyumba kwa Chiyamiko.

Akuti India ikumana ndi South Africa, gemu imodzi mpaka masiku asanu! A Shadrick amati a South Africa amaponya mpira ngati chipolopolo. Vikram amayankha mwaulemu kuti, "Bambo, athu amaponya wokhotakhota, ndipo omenya mpira athu satulutsidwa msanga m'gemu." Iwo amakalipa kuti, "Iwe ukudziwa chiyani?" kwinaku akumuwonjezera nyama m'mbale.

Chiyamiko amangoseka, dzanja lamanzere atalibisa m'thumba, koma ine nditapita nawo ndinaiona mphete yonyezimira pachala chake. Kutchalitchi sitinanenebe, ndipo amayi musawauze kaye.

Amalume ake a Vikram apempha nambala yanu. Mwini mbumba ndinu, achimwene. Akaimba, si za kiriketi ayi.

Ndine mlongo wanu,
Flora